Diso Lakumanja la Merle Yoakum

Lolemba lina m'chilimwe cha 1953, Merle Yoakum, munthu amene ankathamangitsa galimoto mailosi zana pa ola anthu masauzande akuonerera, anagunda mtengo woyanikira zovala wa mayi Stroup, oyandikana naye nyumba, akuyenda liwiro la nkhuku yodwala. Ankachokera kogula buledi pa galimoto ya mkazi wake. Pokhotera kumanja kuti alowe pakhomo pake anakhota msanga, tayala linakwera kapinga wa eni ake, mtengo n'kugwa, chingwe chonse n'kutsamira pagalimoto. Lolemba ndi tsiku lochapa kwathu kuno ku Pruitt, ndiye musaganize kuti chingwecho chinali chopanda kanthu. Merle potsika anapeza kabudula wam'kati wa bambo Stroup, wautali uja wofika m'akakolo amene mkuluyo ankavala chaka chonse, atayalika bwinobwino pagalasi lakutsogolo.

Mayi Stroup anatuluka ali ndi zopanira zovala kukamwa. Anazilavulira m'dzanja chimodzichimodzi, kenaka anafunsa ngati zili zoona kuti kuli anthu amene amamulipira Merle chifukwa choyendetsa galimoto.

"Mayi, ine ntchito yanga n'kukhotera kumanzere," anatero Merle akupinda kabudula uja mwaulemu. "Zakumanjazi sitinaphunzire."

Nkhaniyi tinaiseka sabata yathunthu mushopu yanga yometera. Inenso ndinaseka nawo, mwina kuposa onse, ngakhale ndinkadziwa kale chimene chinagwetsa mtengowo, ndipo sichinali choseketsa.

Ine ndi Merle tinakulira msewu umodzi. Bambo ake ankagwira ntchito pachigayo cha pafupi ndi njanji ndipo ankafuna kuti mwana wawo adzalowe pomwepo. Koma Merle ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anapita kuchionetsero cha zaulimi kukathandiza amalume ake kunyamula nkhumba, n'kupeza anthu akupikisana pa galimoto m'bwalo lothamangitsira mahatchi. Nkhumba inabwerera ndi amalume okha. Chaka chotsatira anali atalumikiza kale galimoto yakeyake kuchokera ku zitsulo za kudzala: kabokosi ka munthu mmodzi, kopanda denga, matayala anayi ali pambalambanda, thanki ya mafuta kumsana kwenikweni ngati chikwama cha kusukulu.

Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa mabwalo a dothi a ku Indiana, Ohio ndi Illinois. Nkhondo itaimitsa mipikisano anakayendetsa malole a asilikali ku France, ndipo mpaka lero amati kumeneko ndi kumene anakapumako. Atabwerako zinthu zinatentha. Anthu anali ndi njala yoonerera, ndiye Merle ankapikisana masiku asanu pa sabata, kugona m'galimoto, kudya masoseji ataimirira. Kawiri konse anapita ku Indianapolis mwezi wa Meyi kukayesa kulowa mumpikisano waukulu wa galimoto wa kumeneko. Ulendo woyamba liwiro linaperewera pang'ono chabe. Wachiwiri injini inafa asanayese n'komwe. Anabwerako ndi kapu yolembedwa dzina la malowo, ndi nkhani zokwanira kumetedwa nazo zaka khumi.

Sanali katswiri woti nyuzipepala za kutali n'kumulemba. Anali wa gulu lija lomaliza pachitatu, pachinayi, mwa apo ndi apo n'kupambana kuchionetsero cha boma limene simunalimvepo. Fupa la paphewa analithyola katatu. Nthiti tinasiya kuwerenga. Mkono wakumanzere unapsa mpaka khungu linakhala ngati pepala lonyowa n'kuuma. Pakhoma la shopu yanga pali chithunzi cha 1947: madalaivala khumi ndi mmodzi atakolekana mikono m'mapewa, nkhope zakuda bii ndi fumbi, mano okha mbuu. Pofika 1953 asanu mwa iwo anali atagona kale kumanda, ndipo makasitomala ankakonda kuloza ndi chala kuti uyu anapita, uyu anapita, ngati akusankha mazira oola.

Anthu amenewa oyendetsa pa mipikisano imfa ankaiopa, koma mwa njira yawoyawo. Galimoto yobiriwira sangakwere. Munthu akadya mtedza pafupi ndi malo okonzera galimoto ankamuthamangitsa ngati wanyamula njoka. Mkazi kumeneko sankaloledwa. Koma lamba womangira munthu pampando ambiri ankamukana, amati galimoto ikagubuduka ndi bwino ikulavule kusiyana n'kuti ikufungatire.

Opal, mkazi wa Merle, amene ankaphika kusukulu ya pulayimale, ankati lamulo loletsa akazi lija ndi lokhalo mwa malamulo awo onse limene iye ankagwirizana nalo. Sanaonerepo mpikisano ngakhale umodzi. Tsiku la mpikisano ankasita chilichonse cha m'nyumba, mpaka nsanza zopukutira mbale, ndipo pansi pa bedi pankakhala kachikwama kolongedza kale kopitira kuchipatala.

Mu Ogasiti 1952 mwala wofanana ndi dzira unachoka kutayala la galimoto yakutsogolo n'kuswa magalasi a Merle oteteza maso. Diso lakumanja linatupa milungu iwiri, kenaka linaphwa n'kumaoneka labwinobwino ngati linzake. Aliyense anati mwamunayu ali ndi mwayi. Ine ndinazindikira mu Novembala, ali pampando wanga. Ndinamupatsira kapu ya khofi mbali yakumanja, ndinaigwira mpaka dzanja linatopa, iye ali phee kuyang'ana pagalasi. Ndinaika kapu pansi, n'kutenga lumo, n'kumaligwedeza pafupi ndi tsaya lake. Sanaphethire. Tinali awiriwiri mushopu.

"Merle, diso ili likuona?"

"Meta tsitsi, Emmett. Maso ndi a dokotala."

"Ndakhala ndikukugwedezera lumo apa ngati mbendera."

Apo anandifotokozera ngati akufotokozera mwana wosamva masamu kuti mpikisano umazungulira kumanzere, kona iliyonse ndi yakumanzere, ndipo zaka makumi awiri wakhala akuyang'ana kumanzere. Kumanja kuli mpanda basi, ndipo mpanda susuntha. Ndinamufunsa za munthu wofuna kumupitirira chakumpandako, poti galimoto zimenezi zilibe galasi loonera m'mbuyo, ndipo matayala a ziwiri akangokhudzana ina imakwera inzake n'kuuluka.

"Hollis akudziwa," anatero. "Ndipo iwe sunamve kanthu. Bungwe la mipikisano likamva, chiphaso changa chopikisanira chapita. Ndikatero ndizichita chiyani, ndizimeta anthu?"

Mawu omalizawo ndinangowameza.

Hollis Brandt anali mnzake wa pamsewu, wa tauni yoyandikana nafe, wamtali ngati mlongoti, wosachoka chingamu kukamwa. Zaka khumi ndi ziwiri ankayendera limodzi kumipikisano, kusinthana chiwongolero cha lole, kubwerekana masipanala, m'bwalo n'kumalimbana ngati sanaonanepo. Pachithunzi chija ndi amene wagwira Merle khutu. Hollis ankadziwika ndi chinthu chimodzi: ankakonda kudutsa kunja, kumtunda kwa kona kumene dothi lofewa limaunjikana pafupi ndi mpanda. Ena ankaopako. Iye ankati kumeneko ndi kumene kuli mpweya wabwino.

Njira imene anaipeza yotetezera mnzake inali ya bodza. Anayamba kufalitsa m'malo okonzera galimoto kuti Merle wasintha mtima chimumenyereni mwala, wasanduka chilombo, ndipo aliyense woyesa kumudutsa kumanja amukankhira kumpanda mwadala. Ankafotokoza ndi zitsanzo zomwe, za anthu a kumabwalo akutali amene palibe akanawafunsa. Bodzalo linagwira. Merle, munthu wotulutsa kangaude m'nyumba ndi kapu kuti asamuphe, anatchuka kuti ndi woipa mtima m'maboma atatu. Madalaivala akaona galimoto ya Merle, yabuluu ya nambala 14, ankatsikira m'kati, kumanzere, kumene diso lamoyo linkawaona. Hollis yemwenso, ngakhale ankakonda kunja chotero, akafika pa yabuluuyo ankatsika.

Kunatsala a dokotala a bungwe, amene ankayeza madalaivala mwezi wa Malichi chaka chilichonse. Ankaimika munthu patsogolo pa pepala la zilembo, n'kumuuza kuti atseke diso limodzi awerenge, kenaka atseke linalo. Merle ankatseka diso lakumanja ndi dzanja lamanja n'kuwerenga mpaka mzere wapansi. Akauzidwa kuti linalo, ankatsitsa dzanja, n'kukweza lamanzere, n'kutsekanso diso lomwe lija. A dokotala, okhala ndi amuna makumi anayi pamzere, ankangoona kuti dzanja lasintha. Zaka zitatu anakhoza mayeso amenewa, ndipo chaka china anamuyamikira kuti maso ake ndi a mphamba.

Ine chinsinsi ndinachisunga. Sindinauze munthu aliyense kupatula mlamu wanga, amene ndi munthu wakachetechete, ndi bambo Stroup chifukwa cha mtengo wawo uja, kuti asamusungire mwamunayu chakukhosi. Mmene zinafikira kwa ena onse a pabenchi yanga yodikirira sindikudziwa. A Pavlik, ogulitsa zida za mathirakitala amene anali eni ake a galimoto yabuluu, anamva, koma anasankha kusafunsa, poti munthu ukafunsa umayankhidwa. Pofika 1955 amuna ngati khumi a mu Pruitt tinkadziwa, ndipo aliyense ankadziona ngati bwenzi lenileni chifukwa chotseka pakamwa. Merle akalowa tinkamusiyira mpando wakumapeto kuti tonse tikhale kumanzere kwake. Tinkati kumeneko ndiye kumusamala.

Opal sanauzidwe ndi munthu. Anangoyamba kuika mchere ndi khofi kumanzere kwa mbale. Chaka chilichonse chisanu chikamatha ankamufunsa mwamuna wake funso limodzi, loti asiya liti, ndipo Merle ankayankha kuti chaka chino chokha. Mwamunayu anali atatopa, izi ndikuchitira umboni. Ankagona pampando wanga ndisanamalize kumupaka sopo. Msana unkamuwawa, makutu ankalira okha, ndipo nkhani za ku Indianapolis anasiya kukamba. Koma munthu wa zaka makumi anayi ndi ziwiri amene chiyambire sanadziwepo ntchito ina amaopa Lolemba m'mawa kuposa mpanda.

Loweruka lina mu Seputembala 1955 kunali mpikisano masana kuchionetsero cha zaulimi tsidya la malire a Ohio. Tinapita anayi pa galimoto yanga. Mvula inali isanagwe mwezi wathunthu, ndipo ngakhale lole yamadzi inazungulira bwalo kangapo, dothi linkamwa n'kuuma pomwepo. Pa mipikisano ing'onoing'ono yoyambirira, injini ya galimoto yabuluu inaphulika n'kutaya mafuta ngati ng'ombe yobayidwa. Tsiku la Merle linkaoneka kuti latha, ndipo ine mumtima ndinati zikomo.

Koma anthu amenewa ali ndi chizolowezi chawo. Galimoto ikasowa woyendetsa, woyendetsa n'kusowa galimoto, amangolumikizana pompo popanda mwambo. Panali galimoto yofiira ya nambala 7 imene dalaivala wake anapsa dzanja ndi paipi yotulutsa utsi. Mwini wake anakodola Merle, Merle anavomera, akuluakulu analemba papepala. Wolengeza ananena pachimkuzamawu, ndipo ine ndinamva bwinobwino ndili pabenchi ya oonerera ndikudya chimanga chopaka batala. Ndinauza mlamu wanga kuti Merle wapeza mpando. Tinakondwera.

Hollis sanamve. Nthawi imeneyo anali chagada pansi pa galimoto yake kusintha magiya, thonje lili m'makutu, injini khumi zikulira pambali pake. Merle anandiuza pambuyo pake kuti anayenda kupita kukamuuza, ndipo anafika poona miyendo yake itatulukira kunja. Pomwepo munthu wa mbendera yoyambitsira mpikisano anaitana, mwini galimoto yofiira anamukoka mkono kuti akayese mpando, ndiye anati amuuza pamzere woyambira. Koma pamzere akuluakulu anaika Merle kutsogolo, Hollis kumbuyo kwenikweni chifukwa chochedwa ndi magiya aja. A Pavlik anali atazika mutu mu injini yawo yakufa, kuilira maliro. Ndipo m'bwalo anthu amenewa sadziwana nkhope. Aliyense ali ndi chisoti, magalasi, ndi mpango womanga pamphuno. Amadziwana ndi mtundu wa galimoto ndi nambala.

Mpikisano unali wozungulira makumi atatu. Hollis tsiku limenelo ankayendetsa ngati mnyamata. Anakwera kumtunda kwake kuja n'kumawadutsa mmodzimmodzi, fumbi likutuluka kumbuyo kwake ngati utsi wa sitima, anthu onse ataimirira. Inenso ndinaimirira. Ndinkawerenga nawo: wadutsa wachisanu ndi chimodzi, wadutsa wachisanu. Ndinazindikira choopsa pamene anatsala ndi galimoto imodzi kuti afike pa yofiira. Dalaivala wa masiku onse wa yofiirayo ankadziwika kuti amakakamira m'kati ngati nkhupakupa, kunja n'kusiya msewu wonse. Hollis ankamudziwa bwino. Ndinakuwa, koma pamenepo anthu zikwi zisanu ankakuwanso.

Potuluka pakona yachinayi Merle analola galimoto kuti itsetserekere kumpanda, monga ankachitira nthawi zonse podziwa kuti kumanja kwake kulibe munthu. Tayala lakutsogolo la Hollis linakwera lakumbuyo la Merle. Galimoto ya Hollis inaima chilili, inatembenuka m'mwamba, n'kumulavula monga madalaivala ankafunira, koma inamulavulira pamtengo wa mpanda. Merle anangomva kugunda, galimoto yake inazungulira n'kuima. Anatsika, n'kuyenda chobwerera m'fumbi kukaona kuti ndani. Anati anadziwa ataona nsapato, zomwe zija anaziona zitatulukira pansi pa galimoto.

Hollis sanafe. Msana unathyoka, ndipo miyendo sinadzukenso. Akuluakulu a bungwe anafunsa mafunso awiriatatu n'kulemba kuti inali ngozi ya mumpikisano, fumbi linachuluka, palibe wolakwa. Madalaivala ena anati mwaona, tinkanena kuti Merle ndi chilombo, ndipo anapitiriza kumuopa. Chiphaso chake palibe anachikhudza. Mwini galimoto yofiira anamufunsa ngati ali womasuka Loweruka lotsatira.

Patapita masiku khumi ndinamuperekeza kuchipatala, chifukwa yekha sakanapita. Hollis anali chagada, atamangidwa pulasitala kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, chingamu chili kukamwa. Mkazi wake atationa anatuluka osapereka moni. Merle anaima kumapazi kwa bedi chipewa chili m'manja. Hollis anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumuuza kuti asunthire mbali inayo kuti azimuona ndi diso labwino, poti sakufuna kutukwana munthu wosamuona.

"Akuti unabwera kudzandiuza," anatero.

"Ndinabwera. Unali pansi pa galimoto."

"Ukanangondimenya phazi, Merle."

Hollis anatafuna chingamu pang'ono, kenaka anati bodza lija analipeka yekha, ndipo linali labwino kwambiri moti linangotsala kuphimba galimoto zonse za m'Amereka osati yabuluu yokha. Anayesa kuseka koma pulasitala inamuletsa. Atatero anafunsa amene anapambana mpikisanowo, ndipo tonse awiri sitinkadziwa.

Lolemba lotsatira Merle anavala suti yake ya kumaliro n'kupempha Opal kuti amuyendetse kupita kwa a dokotala a bungwe. Sinali nyengo ya mayeso, ndiye anadabwa kumuona. Iye anakaima yekha patsogolo pa pepala la zilembo, n'kutseka diso lakumanzere, n'kuwauza kuti afunse. Sanathe kuwerenga ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba. A dokotala anafunsa kuti zayamba liti, iye anati 1952, ndipo anawaonetsa za manja zija. Opal akuti a dokotalawo anakhala pansi n'kuvula magalasi awo. Chiphaso anachisiya patebulo pomwepo. Pobwerera anagona m'galimoto njira yonse, ndipo atafika kunyumba anagonanso mpaka tsiku lotsatira masana.

Lero Merle amakonza mathirakitala kwa a Pavlik. Amagwira bwino ntchito, koma pang'onopang'ono, ndipo alimi amadandaula kuti amamvetsera injini nthawi yaitali ngati ikumuuza nkhani. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amapita kwa Hollis kukamukankha panjinga ya olumala mpaka kusitolo n'kubwerera, akukangana za magiya. Mkazi wa Hollis anatenga zaka ziwiri kuti amupatse khofi. Kumipikisano onse awiri sapitako.

Koma sabata ija atangobweza chiphaso, mushopu mwanga munali bwalo la milandu. Loweruka m'mawa benchi inadzaza, aliyense ndi chigamulo chake. Mlamu wanga anati wolakwa ndi wa lole yamadzi. A Pavlik anati chimkuzamawu cha kumeneko n'chachabechabe, munthu sungamve ngakhale dzina lako. Wina anati anaona ndi maso ake makoko a mtedza pafupi ndi galimoto ya Hollis, ndipo ambiri anagwedeza mitu kuti basi nkhani ndi imeneyo. Ine ndinati chachikulu n'chakuti Merle ndi mwamuna, wakadziulula yekha popanda womukakamiza, ndipo ife anzake tiyenera kunyadira kuti sitinamupereke. Bambo Stroup, ali pampando thaulo lili m'khosi, anavomereza kuti ubwenzi ndi umenewo.

Sitinaone kuti mayi Stroup aima pakhomo ndi dengu la kumsika, kudikira amuna awo. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, kuyambira kumapeto kwa benchi mpaka kwa ine ndi lumo langa.

"Diso lakufa linali limodzi, la Merle," anatero. "Enanu munali nawo awiriawiri. Munkayang'ana kuti?"